Atsibweni Ako Akhala pa Bokosi Lako

Pafupi ndi Mkaika, Katete
Lolemba masana

Esinati mwana wanga, Naphiri,

Malangizo awa ndinafuna kukuuza pakamwa madzulo ano, monga achitira abambo aulemu wawo. Ndinawakonza bwinobwino m'mutu. M'mawa muja, utangonyamuka kupita kukatsanzika kwa amayi ako aang'ono kutsidya kwa dambo, ndinavala jekete langa la Lamulungu n'kupita kuseri kwa nyumba kukayeserera. Wondimvera anali nkhokwe. Ndinali pakatikati, chala chili m'mwamba, ndikuichenjeza nkhokweyo kuti isamasekerere anyamata a m'tauni, pamene ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Potembenuka, atsibweni ako a Gidiyoni ali chiimire ndi njinga yawo, fumbi la ku Sinda lili mpaka m'nsidze.

"Pitirizani, alamu," anatero. "Nkhokwe ikumva. Ine ndilibe changu. Akufa sathamangira kanthu."

Za akufazo sindinazimvetse mpaka tinafika pakhonde. Pamenepo panali bokosi lako lachitsulo, lotseka kale, likudikira basi ya mawa yopita ku Fort Jameson. Ndinawatulutsira mpando wanga wa ndalema, anaukana. Amayi ako anayala mphasa, anaikana. Anayang'ana bokosi lija, n'kukhalapo, n'kuvula chipewa.

"Nabanda," anaitana amayi ako, "ndabwera kudzaona manda anga. Ndamva pa sitolo ku Sinda kuti mpingo wa kuno wasonkhera mwana wopanda mwini amene akupita ku sekondale. Ndinafunsa kuti mwana wa ndani, akuti wa mlongo wanu. Ndiye ndati ndikaone pamene munandiika, mwina ndikalambulepo."

Ukukumbukira Lamulungu lija amayi a mumpingo anakuitanira kutsogolo, n'kukupatsa bulangete, sopo, mbale ndi tina totero? Mkulu wa mpingo, pofuna kufewetsa mitima, anati, "Tiyeni timugwire mkono mwana wathuyu, poti alibe wina womuthandiza." Ine ndinali pa benchi loyamba, ndikugwedeza mutu ngati gulo pa mtengo. Mawu amenewo anayenda ndi msewu, ndipo pofika ku Sinda anali atanenepa. Kuti unakhoza mayeso a Sitandade sikisi, atsibweni ako tinawauza. Za mphatsozo, ndi zoti sukulu ili ndi thumba la anthu akufuna kwabwino limene likulipira gawo la fizi yako, sindinawauze. Ndinkati n'zazing'ono.

Tsono chigamulo chawo ndi ichi. Zonse za m'bokosimo zibwerere kwa eni ake. Iwe ukhale pakhomo chaka chino, ndipo chaka chamawa adzagulitsa ng'ombe yawo n'kukutumiza okha ndi zinthu zochokera m'manja mwawo. Ndinayesa kuwafotokozera kuti sekondale siyembekeza ng'ombe. Atsikana a chigawo chonse akulimbirana mabedi owerengeka, ndipo bedi lako likagona lopanda munthu sabata ino, adzaitana wina. Anandimvera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu, kenaka anati, "Aphunzitsi, kodi mulibe makope oti muchonge? Ino ndi nkhani ya mbumba."

Ukudziwa, ngakhale mabuku ako sanena, kuti m'mudzi muno ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Vubwi, kuno ndinabwera ndi jekete ndi choko. Ndinakubala, ndinakuphunzitsa kugwira pensulo, koma mwini wako ndi mlongo wa amayi ako. Iwo akati usapite, satifiketi yanga ya ku koleji ndi pepala lokulungira fodya. Choncho ndakhala pa tebulo pafupi ndi zenera, kope la mwana wina lili chitsegukire pambali kuti ndizioneka wotanganidwa, ndipo ndikukulembera. Kalatayi mwina uiwerengera m'basi. Mwina amayi ako ayatsira moto mawa m'mawa. Ndilemba ngati ukupita, chifukwa njira inayo dzanja langa likuikana.

Choyamba, mwana wanga, phunzira kulandira. Ukupita ndi bulangete la ena ndi sopo wa ena, ndipo kusukuluko padzapezeka mwana wa kalaliki wa ku boma amene adzakukumbutsa zimenezo pa nthawi yoipa. Chaka changa choyamba ku koleji kunabwera mtolo wa zovala zakale zochokera kutsidya kwa nyanja. Anatisonkhanitsa tonse, dona wa mphunzitsi wamkulu n'kumaitana maina a osowa mmodzimmodzi. Langa ndilo linayamba. Ndinalandira buluku la mzungu amene, ndikhulupirira, ankadya ng'ombe yathunthu pa kadzutsa. Lamba ndinkamangira m'khwapa. Anzanga akandiona ankagogoda pa bondo langa n'kufunsa kuti, "Odi, kodi a Phiri alimo?" Tsiku limenelo ndinathokoza ndi manja awiri monga kuyenera, ndipo pamenepo sindinalakwe. Ndinalakwa popitiriza kuthokoza. Ndikakumana ndi donayo ndinkapinda msana. Akanena zinthu zopanda mutu za anthu akuda ndinkavomera. M'kalasi ndinaleka kufunsa mafunso, kuopa kuoneka wosayamika. Buluku limodzi linanditseka pakamwa mpaka linang'ambika. Iwe gwada, landira ndi manja awiri, thokoza ndi mtima wonse, kenaka uimirire. Wamva? Uimirire. Amene akusonkherawo sanagule msana wako.

Amayi ako angowapititsira thobwa atsibweni ako. Ndawamva akufunsa ngati chimera chake nachonso n'chosonkha. Chikho chili pansi, ntchentche zikumwa.

Chachiwiri n'chovuta kuposa choyamba, ndipo ndicho chandikhazika pa zenera lero. Phunzira kupatsa. Mwezi wina wozizira, ku koleji komweko, tinali ndi mnzathu Yohane amene ankafunda nsalu yopyapyala ngati tsamba la anyezi. Ine panthawiyo ndinali nditapeza mabulangete awiri, ndipo mtima wanga unali utatupa ndi chifundo. Tili pa tebulo, anthu onse akudya, ndinaimirira n'kunena kuti, "Abale, Yohane akufa ndi mphepo, ine ndimupatsa bulangete langa." Ndinayembekeza kuti andiombera m'manja. Yohane anasamba m'manja, anati, "Ine sindimva kuzizira," n'kutuluka. Anagona ndi kansalu kake komweko mpaka chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko. Amene anamupulumutsa ndi Laimoni, munthu wosalankhulalankhula, amene m'kalasi tinkamuyesa wogona. Iye anapita kwa Yohane mwakachetechete n'kumuuza kuti, "Mnzanga, ine ndikagona ndekha msana umazizira, tulo sindipeza. Ndithandize, tiphatikize mphasa." Yohane anavomera kuthandiza. Anafunda bulangete la Laimoni mwezi wonse, ali ndi ulemu wake wathunthu, ndipo mpaka lero ndikhulupirira amaganiza kuti wopulumutsidwa anali Laimoni.

Ukuona, Esinati, phunziro limenelo ndinaliphunzira, ndakhala ndikuliphunzitsa kwa ana a eni, ndipo Lamulungu lija ndinaliiwala pa benchi loyamba. Munthu amapirira mphepo, koma sapirira kuuzidwa pagulu kuti alibe kanthu. Kusukuluko mudzakhala ndi timagulu tosonkhera odwala ku chipatala, tokachezera nkhalamba za m'midzi yoyandikana, tosokera ana amasiye malaya. Lowa ndithu, usakhale mlendo pa zabwino. Koma mukafika pakhomo pa nkhalamba, musayambe kuimba nyimbo ndi kusesa ngati mwapeza bwinja. Odi kaye. Funsa kuti pakhomopo mwini wake ndani, ndipo chimene mwabweretsa chidzere m'manja mwake. Ngakhale nyumba yodontha ili ndi mwini. Ndikubwereza, poti abambo ako ndi amene agwa m'dzenje limeneli: funsa mwini.

M'bokosimo, ngati lipite, amayi ako aikamo nsawa zokazinga ndi chiponde m'kabotolo. Ndikudziwa chimene udzaganiza usiku woyamba, chifukwa ndiwe mwana wanga. Udzaganiza zodyera m'bulangete. Usayese. Ine ndinayesa. Nsawa sizidziwa kusunga chinsinsi. Ukaluma imodzi, nyumba yonse yogona imakhala chete, anthu makumi angapo akumvetsera nsagwada zako mumdima. M'mawa mwake palibe anandinena, koma tsiku limene Laimoni analandira nzimbe ndi mbatata kuchokera kwawo, anagawira bedi ndi bedi, ndipo pofika pa langa anati, "A Phiri mano awo ngotopa, anagwira ntchito usiku." Tsegula chakudya chako masana, pamaso pa anzako, chithe tsiku lomwelo ngati n'kutha. Njala ya mawa mudzaionera limodzi. Ndipo pogawa uyambire mtsikana amene sanabwere ndi kanthu, koma mochenjera, ngati kuti dzanja langofika pamenepo lokha.

Pakhonde mawu akwera. Amayi ako akuti, "Achimwene, mwanayu walakwa chiyani?" Atsibweni ako akuti, "Mwana sanalakwe. Koma akadzakhala nesi kapena mphunzitsi, anthu adzati ndi mwana wa mpingo. Ine adzandiitana pa maliro pokha, kudzasenza mlandu." Ndikuuze zoona, Naphiri, mawu amenewo andilowa. Atsibweni ako si munthu woipa. Pamene unadwala chikuku uli wakhanda, anakupalasa pa njinga yomweyi mpaka ku chipatala cha mishoni, amayi ako ali pa kaliyala, ine ndikuthamanga m'mbuyo ndi nsapato m'manja. Usadzawade chifukwa cha lero, zivute zitani.

Za thupi lako tsopano. Ukadwala, nena. Pali mayi woyang'anira atsikana, ntchito yake ndi yomweyo, ndipo ngakhale nkhope yake ikhale ngati ya munthu woluma ndimu, pita. Ine ndinabisa malungo pofuna kusaphonya mayeso ophunzitsa, ndipo ndinakagwa patsogolo pa ana ndi woyesa yemwe, choko chili m'manja, pakati pa phunziro la ukhondo. Koma pali matenda ena amene sagwedeza thupi. Masabata oyamba udzalira kufuna kwanu. Lira, si mlandu, tonse tinalira, ena tinkanamizira utsi. Chimene ndikuopa ndi kulira kouma. Ukadzaona mtsikana amene waleka kudya, waleka kuseka, amakhala yekha kuseri kwa nyumba yochapira ndipo ukamufunsa amati "ndili bwino" msangamsanga, usamusiye. Usamulalikire, ulaliki wa m'banja mwathu waona kumene umathera. Mupemphe akuluke tsitsi. Mupemphe akuthandize samu imene ukuidziwa kale. Zikapitirira, kauze wamkulu, ngakhale mnzakoyo akwiye. Ndipo tsiku limene mtsikana wa kuseri kwa nyumba yochapirayo adzakhale iwe, lola wina akuluke tsitsi. Lola, Esinati. Uli ndi khosi louma la kwa amayi ako, ndipo mwini wake wa khosilo ndi uyo wakhala pa bokosi.

Pali china chimene sindikanachinena mokweza ngakhale kuseri kwa nyumba. Dziko latentha ndi nkhani ya Chitaganya chimene azungu atikakamiza, ndipo m'masukulu akuluakulu moto umayambira pa zinthu zazing'ono, nyemba zofumbwa kapena mawu achipongwe a mphunzitsi. Tamva za ana obwezedwa kwawo ndi mabokosi awo pamutu. Sindikuuza kuti ukhale wopanda maganizo, ndakuuza kale zimene buluku linandichita. Ngati chakudya chili choipa, pitani mukanene poyera, muli ambiri, masana. Koma usakhale woyamba kutola mwala, ndipo usakhale wopereka maina a anzako mseri kuti akukonde akuluakulu. Pakati pa ziwirizo pali kanjira kopapatiza. Sindikunamiza kuti ndikudziwa pamene kamadzera tsiku lililonse. Ukakasowa, khala pansi, ulembe kalata kunyumba, ndipo usachite kanthu mpaka inki itauma.

Akundiitana.

Ndabwerako, maondo a buluku langa ali mbuu. Amayi ako anandinong'oneza kuti ndigwire tambala wathu wofiira wopepesera. Ndinamuthamangitsa kuzungulira khola ndili m'jekete, ndinamugwira, ndinakagwada pamaso pa atsibweni ako n'kunena kuti, "Alamu, ndinalakwa. Ndinalandira zinthu za mwana wanu musanamve, ndipo ndinakhala chete pamene ananena kuti alibe womuthandiza." Anamuyeza tambalayo m'manja ngati akugula.

"Tambala ndalandira," anatero. "Mlandu wa pakati pa inu ndi ine watha. Koma katunduyu abwerere."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za mabedi zija, koma amayi ako anandiponda chala. Ukuwadziwa akafatsa kwambiri.

"Chabwino, achimwene," anatero. "Mwini mbumba ndinu, mwalamula. Tanyamukani pang'ono nditsegule."

Ananyamuka. Kuyambira m'mawa, kanali koyamba. Amayi ako anayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi n'kumaziyala pa mphasa, akutchula mwini wake. Bulangete, amayi a mumpingo onse pamodzi. Sopo, a Nasimati a kumunsi kwa chitsime. Kansalu ka kumutu, mkazi wa mkulu wa mpingo. Singano ndi ulusi, a Nazulu.

"Koma zobweza mukabweza ndinu," anapitiriza. "Alamu anuwa ndi mlendo, sangabweze mphatso m'mudzi wa eni. Ine ndikuperekezani khomo ndi khomo, ndizikugwirirani chipewa. Tiyambe ndi iyi."

Anawapatsa mbale yachitsulo ija, yoyera ya mkombero wabuluu, yosupuka pang'ono m'mphepete.

"Iyi ndi ya ndani?"

"Ya a Nambewe."

Iwe a Nambewe umawadziwa ngati nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi imene ana ake anapita ku Halale osabwerera, imene wakhala ukuitungira madzi chiyambire uli wamng'ono. Atsibweni ako amawadziwa mwina. Agogo ako atadwala nthawi yaitali, a Nambewe ndi amene anawabereka kumsana a Gidiyoni amenewa, n'kumawatafunira chakudya.

"Amayi aja akadali moyo?" anafunsa, mawu atatsika.

"Ali moyo, ndipo maso akuona bwino. Anali ndi mbale ziwiri. Anabwera okha ndi ndodo, akuti, mwanayu wandimwetsa madzi zaka zonsezi, akadyere umu, asakadyere m'mbale yobwereka ngati alibe kwawo. Tiyeni mukawauze kuti mwaikana. Dzuwa likupita."

Atsibweni ako anakhala pa mphasa, mbale ili pa maondo, akuitembenuza. Ine ndinaona kuti ndikaima pamenepo ndilankhula, ndipo ndikalankhula ndiononga, choncho ndabwerera pa tebulo. Panopa ndikumva mphepo yokha ikukokera masamba a chimanga pabwalo. Sindikudziwa kuti ndikulembera mwana wa sekondale kapena mwana amene mawa apita kukatola thonje lotsalira. Ngati ndi wachiwiriyo, Esinati, ndikhululukire. Unachita mbali yako yonse, unawerenga mpaka maso kufiira, ndipo abambo ako ophunzira anagwetsa mphika pakhomo.

Ndikumva chivundikiro cha bokosi. Akuitanitsa malegeni.

Ndabwereranso pa tebulo. Nditatuluka ndinapeza zonse zabwerera m'bokosi, ndipo atsibweni ako akulikweza pa kaliyala ya njinga. Analimanga ndi malegeni, kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, tambala atamupachika pa chiwongolero. Palibe amene anandiuza kanthu. Ndinayang'ana amayi ako, iwo akuyang'ana pansi. Ndinati zatha, katundu akupita ku Sinda kukatsekeredwa. Anamaliza, anagwedeza bokosi kuona ngati lalimba, anavala chipewa.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "basi ija imadutsa nthawi yanji pa Katete?"

Ndinawauza kuti dzuwa likangokwera pang'ono, ikapanda kufa panjira.

"Ndikagona kwa mnzanga pafupi ndi msewu. Mwana akandipeze pamenepo. Ndikamukweza ndine, tikiti ndikadula ndine, bokosi ndikapereka kwa kondakitala ndi manja angawa, anthu onse a pa siteji akuona. Inu mukhoza kubwera, mudzaime kumbuyo."

"Zikomo, alamu."

"Sindinathe. Lamulungu mukaimirire kutsogolo komwe kuja. Mukawathokoze amayiwo m'dzina langa, mmodzimmodzi. Ndipo mukanene kuti mwanayu mwini wake alipo, ali moyo, dzina lake ndi Gidiyoni."

Ndinavomera zonse. Akanati ndikanene nditaima ndi mwendo umodzi, ndikanavomera.

Tsono mvera, Naphiri, poti kalatayi sindingathenso kuiika m'bokosi, ndidzakupatsira m'manja. Mawa ukawaona pa siteji, usathamangire kwa anzako. Pita ukagwade pa fumbi pomwepo, diresi latsopanolo lidzachapidwa. Chilichonse chimene adzakupatse, chingachepe bwanji, landira ndi manja awiri. Ndipo kalata yako yoyamba yochokera kusukulu isabwere kwa ine. Ipite ku Sinda. Ulembe zilembo zazikulu, adzapeza wowawerengera pa sitolo pomwe paja, mokweza. Ine ndidzadikira yachiwiri, ndazolowera kuima kumbuyo.

Bokosi lalemera, njinga sinakwereke, ndiye akuikankha. Ndinati ndiwathandize mpaka pa dambo, anati aphunzitsi angadetse jekete. Ndikuwaona pa zenera pano. Sanalowere njira ya kumsewu. Akhotera kumapeto kwa mudzi, aimika njinga pa mtengo, avula chipewa, ndipo agwada pakhomo pa a Nambewe. Akhalitsa pamenepo. Tsopano adzuka, agwira chiwongolero, tambala akukupiza mapiko, ndipo bokosi lako likulowa m'njira ya ku Katete.

Ndine abambo ako,
amene adzaime kumbuyo.